Tsiku Limene Sayirini Inachedwa ku Acla

Duri Cavegn anabadwa wotopa. Amatero mkazi wake Mengia, ndipo ife amene takhala tikumuona moyo wathu wonse sitinapezepo chifukwa chotsutsira. Ntchito yake ku khonsolo ya mudzi wathu inalibe dzina. Chipale chofewa chikatseka msewu, wokankha anali iye. Paipi ikaphulika ndi chisanu, anali iye. Munthu akatisiya, manda ankakumba iye, kenako n'kuthamangira kunyumba kukavala jekete lakuda kuti adzanyamule nawo bokosi. Atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo ake anayamba kudandaula mokweza pa masitepe aliwonse, ndipo ukamupatsa moni ankayamba wausa moyo kenako n'kuyankha.

Pa ntchito zonsezo panali imodzi imene sankalola wina kuigwira, ngakhale chimfine chitamugwira chotani. Imeneyo inali yoyendetsa sayirini.

Lachitatu loyamba la Febuluwale, masana, dziko lonse limayesa masayirini ake ochenjeza za ngozi. Yathu yaikulu ili padenga la sukulu, ndipo ikayamba kulira ngakhale anthu amene Duri anawakwirira aja ndikhulupirira amatembenuka. Koma mawu ake amathera pa mlatho. Kuseri kwa chitunda, kumene kuli makomo owerengeka otalikirana, safikako. Ndiye pali ina yaing'ono yomangirira padenga la galimoto, yoti munthu aziyenda nayo khomo ndi khomo. Galimoto ikafika, mwini nyumba amatuluka n'kukweza dzanja, kutanthauza kuti wamva. Ena ankakweza dzanja muli mbale ya makeke, ena muli kabotolo ka kachasu wa mapeyala, kamene Duri ankakana chifukwa ali pa chiwongolero, kenako n'kulandira kuti akamwere kunyumba.

Khomo lomaliza linali ku Acla, kumene msewu umathera ndipo phiri limayambira. Kumeneko kunkakhala mkulu wake, Gieri, yekhayekha ndi ng'ombe zake zitatu.

Abale awiriwa sankalankhulana, ndipo nkhani yake palibe amene sakuidziwa. Mayi awo atakalamba anayamba kuiwala mphika pamoto ndi kutuluka m'chipale opanda nsapato. Gieri, amene ankakhala nawo, ankati palibe vuto, awasamala. Chilimwe china ali ndi ng'ombe kumtunda, Duri anafika ndi galimoto, n'kuwanyamula mayiwo kukawasiya ku nyumba yosungira okalamba kumunsi kwa chigwa. Sanathe chaka kumeneko. Pamaliro Gieri anasuzumira m'dzenje limene mng'ono wake anakumba, n'kunena anthu onse akumva kuti, "Wakumba bwino. Unayamba kalekale kukumba limeneli." Amenewo ndiwo anali mawu omaliza pakati pawo. Amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo nzoona. Chimene sanena n'chakuti fupa likakhala pakhosi silimezeka komanso sililavulika.

Zaka zonsezo Duri ankakonza yankho. Ankalikonza ali pa thirakitala yokankha chipale, ankalikonza ali m'dzenje la manda, mpaka nthawi zina tinkamuona akugwedeza milomo yekha pamsewu. Yankholo linali ndi chiyambi chabwino, linali ndi tsiku limene anawapeza mayi awo pa mlatho mapazi atachita bii, linalinso ndi mathero oti Gieri asowe chonena. Chaka chilichonse ankanyamuka atatsimikiza kuti lero atsika m'galimoto akamuuze. Chaka chilichonse ankafika n'kupeza Gieri ataima kale pakhomo, kaliwo kukamwa. Gieri ankakweza zala ziwiri. Duri ankakweza zake ziwiri, n'kutembenuza galimoto. Zengerezu adalinda kwaukwau, koma Duri ankabwerako mtima uli m'malo, chifukwa zala ziwirizo zinkamukwanira mpaka Febuluwale winayo.

Kenako phiri la pamwamba pa Acla linayamba kusuntha. Linang'ambika mzere wakuda umene unkaoneka ngakhale uli kutchalitchi. Anabwera akatswiri ndi zida zawo, anazizika m'matanthwe, n'kutiuza kuti lidzagumuka ndithu, kaya chaka chino kaya adzukulu athu atakula, koma lidzapereka mpata pang'ono. Tsikulo likadzafika mafoni onse adzalira nthawi imodzi ndi uthenga wa boma. Galimoto ya sayirini idzaloledwa kukafika pa mtanda wamatabwa wa kumunsi kwa Acla, osapitirira pamenepo. Makomo ena onse a kuseriko analandira mafoni. Gieri anabweza yake ili m'bokosi lake, yosatsegula.

Ladina Derungs, mlembi wa khonsolo, mtsikana amene Duri anamuona akuphunzira kuyenda, anamuitana mu ofesi.

"Bambo Cavegn, ine sindifuna kuvutitsa munthu wamkulu," anatero. "Koma lamulo ndi limodzi. Amene chenjezo silingamufike sitingamusiye kumtundako. Timutsitsa. Achimwene anu foni akana. Chatsala ndi sayirini yanu, ndipo idzalirira pa mtanda, osati pakhomo pawo."

"Amamva," anatero Duri.

"Mukutsimikiza? Afika zaka makumi asanu ndi awiri."

"Mwanawe, ndisanafike n'komwe pa khola amakhala atatuluka kale. Uja amamva ngakhale mbewa ikatsokomola mu udzu."

Ladina anamukhulupirira, pakuti Duri sanali munthu wonama. Gieri anasiyidwa ku Acla chifukwa cha mawu a mng'ono wake, ndipo chaka chilichonse sayirini ikayesedwa Ladina ankafunsanso, Duri n'kuyankha chimodzimodzi.

Febuluwale wa nkhani inoyi anali womaliza wa Duri pa ntchito. Chilimwe chikangofika ankayenera kupuma, ndipo Mengia anali atakonza zonse. Ankapita kutauni, pafupi ndi mwana wawo Seraina, m'nyumba yam'mwamba yokwera ndi chikepe, kumene chipale amakankha anthu ena. Mengia anali atayamba kale kutola makatoni kusitolo ndi kuwaunjika m'chipinda cha alendo.

"Mwanyamuka kukaonetsana zala ndi achimwene anu," anatero m'mawa wa tsikulo akumuthirira khofi. "Anthu imvi mbuu, kumalankhulana ngati ana oopa aphunzitsi."

"Ndi ntchito, mayi."

"Ntchito! Nkhutukumve ujatu ndinakumana naye kusitolo miyezi yapitayi. Ndinamupatsa moni kawiri, ine mlamu wake. Anangondidutsa ngati ndine mtengo wa magetsi."

"Ndi mmene alili."

"Ndi mmene mulili nonse a Cavegn. Bulu ali ndi chifundo. Lero mukamuuze mawu anu aja, mwatafuna mokwanira. Ine ndatopa kuwamva m'tulo."

Duri anausa moyo, n'kuvala chipewa.

Sayirini yapasukulu itayamba, iyenso anayatsa yake n'kuwoloka mlatho. Makomo oyambirira zonse zinayenda monga mwa masiku onse, dzanja apa, makeke apo. Koma atapitirira khomo lotsatana ndi la Gieri, pa kona yotsetsereka, tcheni lokulunga tayala lakumbuyo kuti lisaterereke m'chipale linaduka, galimoto n'kuserereka mpaka kukatsamira m'ngalande. Anazimitsa sayirini n'kutsika. Kale akanaitulutsa asanamalize kutukwana. Tsopano anagwada m'chipale, zala zitauma, akukumba ndi fosholo, kupuma, kukumbanso, kulumikiza tcheni ndi waya, waya n'kuduka. Pamene galimoto inkatuluka m'ngalandemo, ola lathunthu linali litapita ndipo dzuwa linali litabisala kuseri kwa phiri.

Kwathu kuno munthu akachedwa pang'ono timayamba kufunsa kuchipatala. Timanyadira khalidweli ngati kuti ndi ife tinapanga nthawi. Duri anali asanachedwepo ndi sayirini chiyambire, ndipo manyazi anamugwira ngati waba. Anaimbira Ladina, Ladina n'kumuuza kuti amalize basi khomo latsalalo. Anayatsanso sayirini, n'kukwera.

Anadutsa mtanda wamatabwa. Anadutsa khola. Pakhomo panalibe munthu.

Anaimitsa galimoto pabwalo, sayirini ikulira mpaka chipale chikuyoyoka m'nthambi. M'khola ng'ombe zinayamba kulira ndi kuponda matabwa. Utsi unkatuluka padenga. Chitseko sichinatseguke. Duri anakhala m'galimotomo manja ali pa chiwongolero, akuganiza za anthu onse okhala okha amene anawapezapo atagwa pafupi ndi chitofu. Anaopa kwambiri. Kenako anatsika, kwa nthawi yoyamba chimwalirire mayi awo.

Patsogolo pa chitseko chipale chinali chopondedwapondedwa mpaka kulimba, ndipo panali phulusa la kaliwo. Munthu anaimapo nthawi yaitali. Duri anasuzumira pawindo. Gieri anali wamoyo, atakhala patebulo, msana kuwindo, akusoka chingwe cha belu la ng'ombe mosafulumira. Galasi la windolo linkanjenjemera ndi phokoso. Iye sanatembenuke.

Duri analowa osagogoda. "Achimwene!" anaitana. Anaitananso mokuwa, ali pafupi poti n'kumulavulira. Palibe chinachitika. Atamugwira paphewa, Gieri anadzidzimuka mpaka singano inagwa pansi. Anamuyang'ana mng'ono wakeyo kuchokera kuchipewa mpaka kunsapato.

"Wachedwa!" anakuwa, ndi mawu aakulu osalongosoka a munthu amene sadzimva yekha. "Ndaima panjapo mpaka zala za kumapazi zinafa. Ndimati wagwera mumtsinje."

Duri analoza kuwindo, kenako khutu lake. Gieri anayang'ana galimoto, anadzuka, n'kuika chikhatho pa galasi. Anachisiya pamenepo kanthawi.

"Ikulira eti," anatero.

"Chiyambire liti?" anafunsa Duri.

"Usatafune mawu! Ndevu zakozo zikubisa pakamwa. Yang'ana kuno."

Duri anabwereza pang'onopang'ono, akutsegula pakamwa ngati akudyetsa khanda.

"Lamanzere linapita chaka chimene galu anafa," anakuwa Gieri. "Lamanja linatsatira. Poyamba ndinkati mabelu a ng'ombe ndiwo atha mawu. Ndinagula atsopano, nawonso zii."

Galu wa Gieri anafa phiri lisanang'ambike n'komwe. Duri anakhala pa benchi. Zaka zonse zimene ankalumbira mu ofesi ya Ladina, mkulu wake anali atagontha kale. Moni wa Mengia, moni wa abusa, moni wa wonyamula mkaka, zonse zimene tinkamunenera kuti ndi mwano, munthuyo sankazimva. Ndipo ife sitinadabwe, chifukwa Gieri wosayankha ndi amene tinamuzolowera.

Duri anakweza zala ziwiri n'kuzigwedeza pamaso pa mkulu wakeyo. "Nanga izi? Izi zinali chiyani?"

"Kalendala ndili nayo. Wotchi ndili nayo. Iwe suchedwa, ndi chinthu chimodzi chokha chimene umachita bwino. Nthawi ikakwana ndimatuluka, galimoto imatulukira pa khola, ndimakweza dzanja. Ndanama chiyani?"

"Dzanja limatanthauza kuti wamva!"

"Lako mwina," anatero Gieri. "Langa limatanthauza kuti ndakuona."

Tangoganizani, dziko lonse kumatulutsa zida zake tsiku lodziwika, nthawi yodziwika, osaphonya ndi kamodzi komwe, n'cholinga chofuna kudziwa amene akumva ndi amene sakumva. Gonthi wa kalendala n'kumapambana mayeso chaka ndi chaka. Tcheni likanapanda kuduka, Duri akanapuma pa ntchito ali wokhutira, n'kupita kutauni.

Gieri anali atamuyang'anitsitsa, ndipo anaona zimene zinkayenda m'mutu mwake. Anamugwira mkono. Dzanja lake linali lidakali lamphamvu.

"Ukauza kamtsikana ka a Derungs kaja, anditsitsa," anatero, ndipo ulendo uno mawu sanakwere bwino, anatuluka osweka. "Akandiika pa bedi loyera pafupi ndi windo, azikandipatsa tiyi wa m'kapu ya mlomo. Ng'ombe azipha. Unatsitsa amayi, Duri. Ine usanditsitse."

Apa ndiye pamene yankho lija linafika pakhosi. Duri anaimirira, anachotsa chipewa, n'kuyamba monga anakonzera. Ananena za mlatho, za mapazi a mayi awo, za mphika umene unapsa mpaka kudontha. Mawu ankatuluka osalala, chifukwa anali atapalidwa zaka zambiri. Gieri anayang'ana milomoyo pang'ono, anatopa nayo chifukwa inkathamanga, n'kutembenuka kukaponya nkhuni m'chitofu. Gawo labwino kwambiri la yankholo Duri analiuza msana wa juzi long'ambika. Analekera pakati, n'kuvalanso chipewa.

Anatuluka kukazimitsa sayirini. Itasiya, bata linagwa lolemera, ng'ombe n'kutonthola imodziimodzi. Ali chiimire pabwalo anamva kaphokoso kumtunda, timiyala tikugubuduka mumng'alu muja, tating'ono, ngati munthu akuthira nyemba m'beseni. Tinasiya, kenako tinayambanso. Mwina timatero tsiku lililonse. Pa bwalo lonselo, womva anali iye yekha ndi ng'ombe.

Ku Acla foni imagwira malo amodzi okha, pamwamba pa mulu wa ndowe kuseri kwa khola. Duri anakwera pamenepo, mawondo akulira, n'kuima ndowe zouma ndi chisanu zili kunsi kwa nsapato. Anaganiza zonama, ndipo bodzalo linali lalifupi, liwu limodzi basi. Koma tsiku lina galimoto idzaima pa mtanda n'kulira mpaka kusasa mawu, mkulu wake ali patebulo akusoka chingwe, ndipo manda amenewo sadzafunanso wokumba. Anaganiza zonena zoona n'kusiyira a khonsolo. Zimenezo anazichitapo kale kamodzi ndi mayi awo, ndipo ngakhale ankakhulupirirabe kuti sanalakwe, mphamvu zozichitanso analibe. Anaimba.

"Mwafika, bambo Cavegn?" anafunsa Ladina. "Ku Acla amva?"

"Achimwene agontha."

"Pepani," anatero Ladina. "Ndiye mukudziwa kuti..."

"Ine sindinagonthe. Kuno kuli makutu awiri abwinobwino, ndi angawa. Ndizigona kuno."

"Inuyo? Mpaka liti?"

"Kafunse phirilo."

"Nanga masana, mukakhala kuntchito?"

"Masiku anga atchuthi aunjikana ngati ndowe ndaimapozi. Ndayamba lero. Chipale akankhe Curdin, mnyamata ndimagwira naye ntchito uja, ali ndi mawondo."

"Ndiyenera kukawauza akuluakulu. Sindikulonjeza kuti avomera."

"Ukawauze. Lamulo likuti chenjezo lifike, silikunena kuti lilowere khutu la ndani."

"A Mengia akudziwa?"

"Mmodzimmodzi, mwanawe," anatero Duri. "Phiri, achimwene, kenako Mengia. Ndayamba ndi zosavuta."

Ataimbira kunyumba, Mengia anayankha foni isanalire kawiri. Duri anafotokoza zonse mwachidule, akudikira bingu. Bingu silinabwere, ndipo zimenezo zinamupweteka koposa. Anamva mkazi wake akukoka mpando n'kukhala.

"Ndiye moni wanga uja sanaumve," anatero Mengia motsitsa mawu.

"Sanaumve."

"Ndamutukwana miyezi yonseyi." Anapuma. "Nanga kutauni, bambo a Seraina? Makatoni ndawaunjika aja ndiwatani?"

Duri anakweza maso kuyang'ana mng'alu wakuda uja paphiri.

"Zaka makumi anayi ndakudikirani kuti mumalize kukankha chipale cha anthu," anatero Mengia. "Tsopano ndidikire phiri. Chabwino. Mapiritsi anu a magazi ndimupatsira wa mkaka mawa, ndi masokosi. Musandiimbirenso lero, mungamve zoti simudzaiwala." Foni inaduka.

Anatsika pa mulu paja chammbuyo, akugwira khoma la khola. Anatembenuza galimoto kuti iyang'ane kumunsi, makiyi n'kuwasiya momwemo. Atalowa m'nyumba anakhala pa benchi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Zinali zitauma ndi chisanu, ndipo zinamutengera nthawi. Gieri anaima pa chitofu, chipande m'manja, akuyang'ana nsapato yoyamba ikuvulidwa, kenako yachiwiri. Anayang'ana panja, kunalibe galimoto ina ikubwera. Anayang'ananso nsapato zija, zitaikidwa pafupi ndi zake.

"Bedi la amayi lili ndi chinyezi," anakuwa. "Ndipo usaganize kuti ndakukhululukira."

"Sindinapemphe," anatero Duri, koma mkulu wakeyo anali atatembenuka kale kukatenga mbale yachiwiri pa shelefu. Anaipukuta fumbi ndi mkono wa juzi, anathiramo supu wa balere, n'kuikankhira mbali ina ya tebulo. Anakhala moyang'anizana. Duri anagwira supuni, koma dzanja linalemera, n'kungoisiya m'mbalemo. Anayang'ana nkhope ya mkulu wake, imene inali itakalamba iye asakuona, ndipo analankhula ndi mawu wamba, osakweza.

"Ndatopa, achimwene."

Gieri anaona milomo ikugwedezeka, n'kugwedeza mutu kuvomereza.

"Eya, wachepa!" anakuwa. "Mchere uli kumbuyo kwakoko."

Duri anatembenuka n'kuutenga.